Mwala Wanga Ukadali pa Mzere

Chaka chimene ndinkafuna laisensi ya lole, ku Mzuzu woyesa wa magalimoto akuluakulu anali atatsala yekha. Mnzake akuti anapuma pantchito, wina anamusamutsira kumwera, ndiye wotsalayo ankazungulira chigawo chonse. Lero mumva kuti ali ku Karonga, mawa akuti wakwera ku Chitipa, mkuja akuti wadwala. Ku ofesi anali atasiya n'kutipatsa masiku komwe, chifukwa tsiku lililonse limene ankatchula linkadutsa munthuyo osaoneka. Ankangoti, "Muzibwera m'mawa. Akafika ayamba ndi amene ali patsogolo."

Ine ndinali ndi chondithamangitsa. Ndinachoka kwathu ku Dedza ndili mnyamata, ndipo zaka zonsezo ndinkakweza matabwa pa malole a eni, mpaka mapewa anakhakhala ngati khungwa. Tsiku lina abwana anandiitana n'kundiuza kuti dalaivala wa lole yotuta matabwa ku Chikangawa akupita ku Joni, ndipo mpandowo ndi wanga ndikabweretsa laisensi kuzizira kusanathe. Kukangoyamba kutentha ndilibe, apatsa mlamu wawo. Sanabise, ndipo ine sindinawade nazo. Kuyendetsa ndinali nditaphunzira kale, chimene ndinkasowa chinali munthu mmodzi yekhayo woti akhale pambali panga aone.

Bwalo loyeserapo linali kuseri kwa ofesi. Panali dothi lofiira, migolo yoyesera rivesi, mpanda wa waya, ndi benchi yaitali pansi pa mitengo ya paini. Kuima pamzere tsiku ndi tsiku sikukanatheka, poti aliyense anali ndi ganyu wake woti adyere. Ndiye amene anatitsogolera pa kudikirako anasiya nzeru ya miyala. Wobwera kumene ankabweretsa mwala wake n'kuuika kumapeto kwa mzere, m'tsinde mwa mpanda. Wina akayesedwa, kapena akatopa n'kutola wake, otsala tinkasendeza yathu kutsogolo, ndipo ngati woyandikana nawe sanabwere tsikulo, unkamusendezera. Lamulo lalikulu linali limodzi: mwala wa mnzako suchotsedwa. Mwini wake yekha ndiye amautola, ataitanidwa kapena atagonja. Akuti kalelo wina anataya mwala wa mnzake kuseri kwa mpanda, ndewu yake mpaka munthu anasiya mano pabwalopo.

Woyang'anira mzerewo anali mayi wina wa ku Lupaso, wamfupi koma wamawu, amene ankalota zodzayendetsa thanki ya mafuta. Tinkangowatchula kuti atcheya. Ine mwala wanga unali chidutswa cha njerwa chopserera mbali imodzi, chimene ndinatola kuseri kwa nyumba yathu ya lendi ku Zolozolo. Atcheya atachiona anaseka mpaka kugwira m'chiuno.

"Achimwene, kwanu kulibe miyala?" anatero. "Chabwino, ikani apa, kumbuyo kwa adada."

Adadawo anali bambo wachikulire wa ku Nkhata Bay, amene ankakhala kwa mwana wawo wamkazi ku Salisbury Lines. Mwala wawo unali woyera, wosalala, ngati dzira la bakha. Anayendetsapo malole pa esiteti ina ali anyamata, koma laisensi yawo yakale inatha mphamvu, n'kuuzidwa kuti ayesedwenso. M'mawa uliwonse ankabwera atamanga tayi, nsapato zili phuliphuli, pamene tonsefe tinali mbuu ndi fumbi. Ine pakamwa sipandikhala, ndiye ndinkawaputa.

"Atonga inu, ngakhale podikira lole mpaka tayi?"

"Anganya," ankandiyankha, "lole imalemekeza munthu amene wadzilemekeza yekha."

Malo awo anali kumapeto kwa benchi. Akakhala pamenepo ankayendetsa lole ya mumtima. Dzanja lamanja linkagwira chiwongolero chosaoneka, lamanzere n'kumasintha magiya m'malere, mwendo ukuponda pansi kawiri pa giya iliyonse. Ndinawafunsa kuti kuponda kawiriko n'kwa chiyani, iwo anati malole akale ankafuna choncho, kilachi kawiri, apo ayi giya imakukuta mano. Ndinawauza kuti zimenezo zinapita ndi atsamunda. Anangoseka.

Mtima wanga ndi wapachala, sindingakane. Tsiku lina tinamva kuti woyesa wafika, tonse tinathamanga, ena anasiya maganyu pakati, kenaka akutiuza kuti wangodzatenga kanthu, wabwerera ku Mzimba. Ndinapita pawindo la ofesi n'kulalata mpaka malovu kuuma. Mtsikana wa pawindopo anangondiyang'ana, poti nayenso akanatani. Adada ndi amene anadzandikoka jekete.

"Mtima, anganya, mtima. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Nkhonoyo ilibe abwana odikira laisensi!" ndinawakalipira. Sanakwiye. Anandipatsa nthochi imene anali nayo m'thumba.

Nthawi zina woyesayo ankabweradi, n'kuyesa anthu ochepa dzuwa lisanafike pamutu, kenaka n'kusowanso. Mzere unkasenda pang'onopang'ono. Kuzizira kunafika pachimake, kuja kwa kuno kumene chifunga chimagona m'misewu mpaka sudziwa kuti kabaza akubwera ukapanda kumva belu. Adada anayamba kutsokomola. Chifuwa chake chinali chouma, chochokera pansi penipeni, ndipo akatha ankapepesa ngati atilakwira. Kenaka anasiya kubwera. Poti ine ndinali kumbuyo kwawo, ndinkawasendezera mwala wawo mzere ukasenda.

Masiku amenewo ndinkalawira kwambiri, chifukwa ndinkafuna kuona kaye mzere ndisanapite kukakweza matabwa. M'mawa wina ndinafika pabwalo palibe aliyense, chifunga chili ndii, migolo ikungooneka ngati anthu ogwada. Ndili pageti ndinaona munthu atakhala kumapeto kwa benchi. Nkhope sinkaoneka bwino, koma tayi ndinaiona, ndi dzanja lamanzere lija likusintha magiya, mwendo ukuponda kawiri. Mtima wanga unakondwa zedi.

"Mwawuka uli, adada?" ndinawapatsa moni mofuula. "Mwachira?"

Sanayankhe. Anangokweza dzanja lamanja monga amachitira madalaivala akamadutsana pamsewu, n'kulibwezeranso pa chiwongolero chawo. Ndinati mwina chifuwa chawatsekera mawu. Ndinapita kumpanda kukaona miyala, ndipo nditawerama ndinaona chinthu chimene panthawiyo sindinachiganizire kwambiri. Miyala yonse inali yonyowa ndi mame, njerwa yanga mpaka inada, koma mwala woyera uja unali wouma gwa. Nditacheuka kuti ndiwauze, pa benchi panalibe munthu. Ndinaganiza kuti apita kuseri kukataya madzi, ndipo poti nthawi inali itandithera ndinanyamuka.

Zinachitikanso m'mawa wotsatira, ndi wina wotsatira. Ndikafika ali pomwepo, ndikapereka moni akweza dzanja, chifunga chikayamba kuyera palibe. Ndinauza atcheya kuti adada akubwera mamawa koma sakulankhula. Atcheya anakwinya nkhope.

"Munthu wodwala chifuwa n'kumalawira m'chisanu muno? Yayi. Ndipita ndikawakalipire kwawo konko."

Anapitadi ku Salisbury Lines. Tsiku lotsatira ndinawapeza atakhala pa benchi, anthu atawazungulira. Atcheya amene aja, ofuula ngati kondakitala, anali atagwira tsaya. Atandiona anandikodola.

"Achimwene, mwati munawaona liti adada?"

"Dzulo lomweli. Ndi dzana."

Atcheya anatsitsa mawu. "Adada anatisiya. Mwana wawo akuti maliro anapita kumudzi, anaika kale, sabata yatha isanayambe n'komwe."

Wina anati mwina ndinaona mlonda. Mlonda wa tayi? Wina anati tulo tinali tisanandithere m'maso. Ndinangokhala pansi, pakati pa benchi, kutali ndi kumapeto kuja. Ndinachita mantha, ndinene zoona, komanso chisoni chinandigwira, chifukwa munthu amene anandipatsa nthochi ndikumukalipira anapita ine osakaponyako ngakhale dothi.

Kenaka panabuka nkhani ya mwala. Mnyamata wina wa kumbuyo kwenikweni kwa mzere anati uchotsedwe, poti mwini wake kulibe. Atcheya anati chabwino, auchotse iyeyo. Mnyamatayo anapita mpaka kumpanda, anawerama, anauyang'ana, n'kubwerera manja ali m'thumba. Panalibe amene anamuseka. Bambo wina wa mpingo anati tipemphere kaye, tinapemphera, koma titati ameni panalibebe wofuna kuugwira. Lamulo linali loti mwala umatoledwa ndi mwini wake ataitanidwa kapena atagonja, ndipo adada sanaitanidwe, komanso palibe akanaima n'kunena kuti anagonja. Unatsala pomwepo. Ntchito yousendeza inakhalabe yanga, ndipo ndinkachita ndi nsonga ya nsapato, maso ndikuyang'ana kumbali. Kulawira ndinasiya. Ndinkadikira kaye pamsewu mpaka ndimve mawu a anthu m'bwalomo.

Chifunga chinayamba kuchepa, masana kukutentha. Abwana anandifunsa kuti zili pati, ndinawayankha kuti posachedwa. Anati mlamu wawo wafika kale kuchokera ku Rumphi, akugona kwawo. Usiku umenewo nsima sinatsike. Mkazi wanga anati ndisadandaule, Mulungu sagona, ine ndinamuyankha mokalipa kuti woyesa ndiye akugona, ndipo ndinachita kupepesa m'mawa.

Woyesa anatulukira Lachinayi lina popanda ndi mphekesera yomwe. Anali bambo wowonda, maso ofiira ndi ulendo, ndipo nditamuona mkwiyo wanga wonse unachita manyazi. Anaima pageti n'kunena kuti masana akuyenera kunyamuka kupita ku Karonga, sakudziwa kuti abwerera liti, ndiye atenga ochepa okha. Za miyala yathu ankazidziwa. Anayenda m'mbali mwa mpanda akuloza ndi cholembera, uwu, uwu, uwu, ndipo anakaima pa mwala woyera.

"Wotsiriza ndi uyu. Otsalanu tidzaonana."

Njerwa yanga inali yotsatira. Abale inu! Ndinaima pamenepo ndikuona ntchito yanga ikupita kwa mlamu wa abwana chifukwa cha malo a munthu amene ali m'manda. Kuti ndinene kuti mwini mwalawo anamwalira, ndilowe ine, ndiye kuti ndaphwanya lamulo la miyala. Kuti ndikhale chete, ndiye kuti ndibwerere kukasenza matabwa mpaka msana udzathyoke. Woyesa anali atapita kale ku lole ndi munthu woyamba.

Atcheya, amene mwala wawo unali m'gulu la osankhidwa, anaitana akuluakulu a pa benchi n'kunong'onezana nawo. Kenaka anabwera kwa ine.

"Achimwene, tamvani. Adada aitanidwa lero. Mwamva nokha, woyesa waloza mwala wawo. Ndiye sitingawasiye pano. Inu ndi amene mwakhala mukuwasendezera, inu ndi amene amakuonekerani. Tolani mwalawo, muuike m'thumba, mukwere nawo. Ayesedwe nawonso, apumule."

"Enya, n'zoona," anavomera bambo wa mpingo uja. "Mukhala mwawanyamula, simunawachotse."

Nthawi yanga itakwana ndinawerama n'kuutola. Dzuwa linali litauomba m'mawa wonse, koma unali wozizira ngati wochokera mumtsinje. Ndinauika m'thumba la jekete yanga yabuluu, yong'ambika pachigongono, n'kukwera.

Lole yake inali ya sukulu imene ndinaphunzirako kuyendetsa, yakale, ya mpando wautali wokwana anthu atatu. Woyesa anakhala kumanzere, pakati panali popanda munthu. Rivesi pakati pa migolo ndinachita bwino. Titatuluka pageti kulowa mumsewu, woyesa anapukusa windo lake kutseka, n'kukokera kolala m'khosi.

"Lole yanuyi ikulowa mphepo pati?" anafunsa.

Ndinati sindikudziwa, bwana. Ine thukuta linali kamukamu. Patapita kanthawi ndinaona kuti wasendera kuchitseko, phewa lake litatsamira galasi, monga amachitira munthu akamapereka malo kwa wokhala pakati. Sindikhulupirira kuti iye ankadziwa kuti watero.

Anandiimitsa pa mtunda wina woipa, pamene aliyense ankapaopa, n'kundiuza kuti ndinyamuke. Ndinakoka handibuleki, ndinaponda kilachi, koma mwendo unayamba kuvina wokha. Nditamasula, lole inayamba kubwerera m'mbuyo. Pagalasi ndinaona minibasi ili kumbuyo kwathu, dalaivala wake akuimba hutala. Mumtima ndinati basi, zathera pano. Pomwepo ndinamva kuzizira pamwamba pa dzanja langa lamanzere, pa giya, ngati wina waikapo chikhatho chake. Sikunali kukankha ayi, kunali kungokhalapo. Mwendo unaleka kunjenjemera. Lole inagwira, inabangula, n'kuyamba kukwera. Posintha giya ndinamva phazi langa likuponda kilachi, kubwerera, n'kupondanso, ndipo giya inalowa mwakachetechete ngati mpeni m'papaya.

Woyesa anandiyang'ana kumapazi.

"Kuponda kawiri kumeneku anakuphunzitsani ndani? Masiku ano sindikuonanso."

Ndikulumbira, chibadwire ndinali ndisanapondepo choncho. Ndinangoti, "Adada ena ake, bwana."

"Anakuphunzitsani bwino," anatero, n'kulemba zake.

Titabwerera pabwalo anandiuza kuti ndakhoza. Atcheya nawonso anali atakhoza, anali kuvina pafumbi, anthu akuimba m'manja. Ine ndinathamanga osacheuka, molunjika kwa abwana, kuopa kuti mlamu uja angadzuke ndi mwayi wanga. Ntchito ndinaipeza. Mwala woyera ndinayenda nawo m'lole kwa kanthawi, ndipo tsiku lina Lamlungu mwana wa adada anandiperekeza kumudzi kwawo, ndinakauika pamanda. Ndinawathokoza, ndinati, "Adada, munakhoza. Yewo chomene." Pobwerera mtima unali mbee, ndinkaganiza kuti nkhani yatha.

Chaka chotsatira, kuzizira kutabweranso, lole inali ku galaja ndipo ndinadutsa pabwalo lija wapansi. Ndinati ndilowe ndione ngati zinasintha. Sizinasinthe. Benchi inali yodzaza ndi nkhope zachilendo, atcheya anali wina, bambo wamtali wa ndevu, ndipo miyala inali ndandanda m'tsinde mwa mpanda kuposa kale. Ndinayenda m'mbali mwake ndikumwetulira, mpaka ndinafika kutsogolo kwenikweni. Pamalo oyamba panali chidutswa cha njerwa chopserera mbali imodzi.

Apo m'pamene ndinakumbukira. Tsiku lija ndinatola mwala wa adada, ndipo m'chisangalalo chonse chija palibe amene anaganiza za wanga, ngakhale ine mwini wake. Anthu anakhala akuusendeza chaka chathunthu. Ndinaseka, ndinawerama kuti ndiutole, koma dzanja lisanafike wandevu uja anandigwira pamkono.

"Lekani, adada. Umenewo uli ndi mwini wake."

"Mwini wake ndine," ndinatero. "Ndinauiwala chaka chatha."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kupukusa mutu. "Yayi. Inu mwavala yunifolomu ya kampani, laisensi muli nayo. Mwini wake timamudziwa. Amabwera mamawa kukali chifunga, amakhala uko kumapeto kwa benchi. Salankhula, ukamupatsa moni amangokweza dzanja. Woyesa akabwera amakhala atachoka, ndiye timangoudumpha. Koma kuuchotsa ayi."

Ndinafunsa kuti munthuyo amamanga tayi.

"Tayi? Ayi. Amavala jekete yabuluu, yong'ambika apa," anatero akugwira chigongono chake.

Ena a pa benchi anavomereza kuti anamuonapo. Mkwiyo wanga uja unabwera, ndinayamba kukweza mawu kuti njerwayo ndinaitola ndekha kuseri kwa nyumba yanga, koma amuna angapo anaimirira n'kudzaima pakati pa ine ndi mpanda. Sanandiopseze. Wandevu anangoti mwini wake adzautola akadzaitanidwa kapena akadzagonja, lamulo ndi lomwelo, ndipo ngati ndinakhalapo pa benchiyi ndiyenera kulidziwa. Ndinkalidziwadi. Ndinayang'ananso njerwa ija. Miyala yoyandikana nayo inali ikadali ndi mame, iyo inali youma.

Ndinakwera kabaza mpaka ku Zolozolo. Jekete ija ndinali nditasiya kuivala chilandirireni yunifolomu, inkangokhala pa msomali kuseri kwa chitseko cha kuchipinda. Ndinalowa osagogoda n'kukaigwira. Mkazi wanga ananditsatira, m'manja muli chipande.

"Mwaikumbuka lero?" anatero. "Ndimafuna ndikufunseni. Denga silidontha, pakhomapo ndi pouma, koma chiyambireni kuzizira, m'mawa uliwonse ndikumaipeza yonyowa m'mapewamu."